Ana a ku Mayadi: Cimene Cikweza Munthu mu Mzinda Waukulu

Mwa ana amene aphunzira m'sukulu za kwa Tengani alipo ambiri amene tsiku lina adzapitirira pa Thabwa, nakwera mapiri kunka ku Blantyre kukafuna maphunziro kapena nchito. Kumeneko adzapeza kuti anthu a mu mzinda ali ndi muyeso wao woyesera ulemu wa munthu, ndipo muyesowo sulingana ndi umene anauzolowera kwao. Adzamva mau akuti "ana a ku mayadi", onena za ana a mabanja apamwamba, ndipo adzafuna kudziwa cimene ciwalekanitsa iwo ndi anawo.

Anthu ambiri ayesa kuti cowalekanitsa ndi ndalama basi. Ndalama ziripo ndithu, koma mutu wa nkhani suli pamenepo. Munthu akhoza kulemera m'zaka ziwiri ndi malonda a thonje kapena a ng'ombe, nagula galimoto ndi kumanga nyumba yaikulu, koma apamwamba a mu mzinda osamuwerenga konse ngati mmodzi wa iwo. Cimene iwo ayang'ana ndi makhalidwe amene sagulidwa tsiku limodzi: kalankhulidwe, kabvalidwe, masewera ndi abwenzi, zinthu zimene mwana azitola pang'ono pang'ono m'sukulu za mtundu wina kuyambira ali wamng'ono. Wophunzira za uphunzitsi ayenera kuizindikira nkhani imeneyi, pakuti njira yolowera m'gulu limeneli ipita pa sukulu, ndipo iyeyo ndiye adzaima pa ciyambi ca njirayo.

Muyeso wa kumudzi

Kuti nkhaniyi imveke bwino nkofunika kuyamba ndi muyeso wa kumudzi. Pakati pa Amang'anja a m'cigwa ca Shire ulemu wa munthu unali kucokera ku mbumba ndi ku dziko. Wolemekezeka anali mwini mbumba, wosunga alongo ace ndi ana ao. Anali nyakwawa wogawa minda ndi kuweruza mirandu. Anali mfumu monga Tengani, amene dzina lace ndi lakale kuposa Boma la Angerezi. Ndipo pamwamba pa onse panali Lundu. Mafumu amenewa anali ndi udindo pa kacisi wa Mbona ku Khulubvi, kumene anthu anali kukapempha mvula. Kumalo kumeneko munthu sadzionetsa ndi zobvala: wamkulu ndi wamng'ono yemwe abvula nsapato, ndipo nsalu yoyenera ndi yakuda.

Cuma naco cinali kuwerengedwa: dimba lacinyontho m'mbali mwa mtsinje, nkhokwe yodzala mapira, bwato ndi ukonde, ndipo pambuyo pace thonje ndi ng'ombe. Koma cumaco cinali kupatsa munthu ulemu pokhapo anthu ena akadyako. Liu lakuti "mfulu" lionetsa zimenezi, pakuti linena munthu wobadwa mwa ufulu, wosakhala kapolo, ndiponso linena munthu wopatsa. Kwa makolo akale zinthu ziwirizi zinali kuyendera pamodzi.

Asena atayamba kulowa m'cigwa ambirimbiri kucokera ku Zambezi, ca kumapeto a zaka za m'ma 1800, anadza ndi mwambo wao wa lobola ndi wowerengera ana ku banja la atate. Anadzanso akudziwa za minda yaikulu ya Apwitikizi, kumene ulemu unali kutsata mfuti, nsalu ndi ubale ndi Azungu. Cinenero cisunga mbiri imeneyi. Mau akuti "dona", "kapitao" ndi "nsapato" anacokera ku Cipwitikizi. "Bwana" anacokera ku Ciswahili. "Kalaliki" ndi "mesenjala" anacokera ku Cingerezi. Mau onsewa akhudza ulemu kapena udindo, ndipo ali mboni kuti miyeso yacilendo inayamba kale kufika m'cigwa.

Kusiyana kwakukulu kwa mudzi ndi mzinda ndi uku. Kumudzi munthu ali yense adziwika: anthu adziwa mai wace, malume ace ndi munda wace, kotero kuti ngakhale abvale sanza ulemu wace sucoka. Mu mzinda anthu akumana osadziwana, tsono ayesana ndi zizindikiro zooneka ndi maso ndi zomveka m'makutu. Pamene anthu ali alendo kwa wina ndi mnzace, zobvala ndi kalankhulidwe zigwira nchito imene kumudzi igwiridwa ndi mbiri ya banja.

Liu locokera ku America

Ku America kuli liu limene lichula bwino anthu a mtundu umenewu, ndilo "preppy". Linacokera ku dzina la sukulu zolipira zimene nchito yace ndi kukonzekeretsa ana kulowa m'mayunivesite ochuka. Zina mwa sukuluzo ndi zakale ndithu: Phillips Academy ya ku Andover inayamba m'caka ca 1778, inzace ya ku Exeter mu 1781, ndi Groton mu 1884. Ana a mabanja olemera a ku Boston ndi ku New York anali kugonera m'sukulu zimenezi, nacokamo kunka ku Harvard, Yale kapena Princeton, ndipo potsiriza anali kubwerera ku mzinda kukagwira nchito m'mabanki, m'makhoti ndi m'Boma, kumene anali kupeza anzao a kusukulu atakhala kale pa mipando. Mtsogoleri wa dzikolo Franklin Roosevelt anaphunzira ku Groton ndi ku Harvard. George Bush wamkulu ndi mwana wace George W. Bush onse awiri anapita ku Andover ndi ku Yale. Kuyambira m'zaka za m'ma 1880 ku New York kunali kusindikizidwa buku lochedwa Social Register, lolembamo maina a mabanja oyesedwa apamwamba, ndipo olemera ambiri sanali kupezekamo.

Codabwitsa ndi cakuti anthu amenewa sakonda kuonetsa cuma cao. Zobvala zao ndi za mtengo wapatali koma zosanyezimira, ndipo jekete yakale ya atate iposa yatsopano ulemu. Kunena za ndalama pagulu ndi kopanda mwambo kwa iwo. Masewera ao ndi ofuna nthawi yambiri ndi malo apadera, monga tenisi ndi kuyendetsa ngalawa za matanga. M'caka ca 1980 Lisa Birnbach ndi anzace anaturutsa buku lanthabwala lochedwa The Official Preppy Handbook, lofotokoza makhalidwe onsewa. Anthu ambiri analigula nayamba kubvala motsanzira, ndipo eni masitolo anapindula. Koma otsanzirawo sanalowe m'mabanjamo, pakuti malaya agulidwa m'sitolo, koma zaka za ubwana sizigulidwa.

Ku England zinthu zotere ndi zakale koposa. Sukulu ya Eton inayamba mu 1440, ndipo mwa nduna zazikulu za Britain 20 zinaphunzira kumeneko. M'caka ca 1954 Alan Ross, mphunzitsi wa zinenero ku yunivesite ya Birmingham, analemba kuti apamwamba a ku England sanali kusiyananso kwenikweni ndi anthu ena pa cuma kapena pa nzeru, koma pa mau amene asankha polankhula: wina achula nsalu yopukutira pakamwa kuti "napkin", wina "serviette", ndipo liu limodzilo liulula banja lace. Pierre Bourdieu wa ku France anaonjezapo mu 1979 kuti zokonda za munthu, pa zakudya, nyimbo ndi kalankhulidwe, zisiyiridwa ana monga umo munda usiyiridwa.

M'mene zinayambira ku Blantyre

Mbiri ya apamwamba a ku Blantyre ikhudza cigwa ca Shire kuyambira pa ciyambi pomwe. Amakololo amene anadza ndi David Livingstone anatsala m'cigwa pamene ulendo wace unatha mu 1864, nadzitengera ufumu m'dera la Chikwawa. Mwa iwo munali Kasisi, Chipatula, Masea, Katunga ndi Mlauli. Mishoni ya Church of Scotland itakhazikika ku Blantyre mu 1876, ena mwa ana oyamba kulowa m'sukulu yace anali ana a mafumu Acimakololo amenewa. Atate ao anali atayenda ndi Azungu, ndipo anazindikira msanga kuti m'masiku akudza mfuti yokha sidzasunga ufumu. Motero ana oyamba kutumizidwa ku sukulu yogonera konko kuti asunge ulemu wa banja anacokera kumunsi kuno.

M'sukulu ya mishoni munaturuka gulu latsopano la anthu: aphunzitsi, alaliki, osindikiza mabuku, anamwino ndi makalaliki. Maina monga Joseph Bismarck, Mungo Murray Chisuse, John Gray Kufa ndi Harry Kambwiri Matecheta, amene anadzozedwa ubusa mu 1911, adziwika m'mbiri ya dziko lino. Ulemu wao sunacokere ku mbumba, koma ku kuwerenga, ku Cingerezi, ku nyumba ya njerwa ndi ku kabvalidwe. Sukulu ya Henry Henderson Institute, yotsegulidwa mu 1909, inaonjezera ciwerengero cao. Njanji yocokera ku Port Herald, kumene tsopano ndi ku Nsanje, inafika ku Blantyre mu 1908, ndipo inapita pa Tengani. Kuyambira pamenepo mnyamata wa m'cigwa anali kutha kuona ndi maso ace kalaliki wobvala kolala ndi tayi.

Zobvalazo sizinali nkhani yacabe. John Chilembwe, atabwera kucokera ku maphunziro ku Virginia mu 1900, anali kulimbikitsa anthu a mishoni yace ku Mbombwe kubvala mwaudongo monga Azungu, pofuna kuonetsa kuti munthu wakuda sacepa. Azungu ambiri sanakondwe nazo. Pambuyo pa nkhondo ya Chilembwe ya 1915, bungwe lofufuza cifukwa cace linamva dandaulo lakuti munthu wakuda wobvala cipewa anali kukakamizidwa kucibvula pokumana ndi Mzungu ali yense pa njira. Apa paoneka lamulo limene ligwira nchito m'mizinda yonse: amene ali pamwamba salola kuti zizindikiro zao zitengedwe mosabvuta ndi a pansi.

Pamwamba penipeni panali Azungu okha. Iwo anali kukhala m'madera monga Sunnyside, m'nyumba zoima payokha payokha, iri yonse pakati pa bwalo lace la kapinga ndi maluwa, ndi kanyumba ka anchito kuseri. Anthu akuda anali kulowamo monga ophika, olima maluwa ndi olera ana, ndipo ponena za kumene agwira nchito anali kuti "ku mayadi". Iwo eni anali kugona ku Ndirande ndi m'midzi yozungulira. Kalabu ya masewera ya Blantyre Sports Club, imene inayamba mu 1896, inali ya Azungu kufikira pafupi ndi nthawi ya ufulu, ndipo sukulu ya St Andrew's, yoyamba mu 1938, inali ya ana ao. Ana a anthu akuda analibe sukulu ya sekondale m'dziko lonse kufikira 1940, pamene inatsegulidwa Blantyre Secondary School. Ya Akatolika ku Zomba inatsata mu 1942, ndi ya Boma ku Dedza mu 1951.

Pambuyo pa ufulu

Dziko litalandira ufulu mu 1964 nyumba za ku mayadi sizinagwetsedwe. Zinangosintha eni ace pang'ono pang'ono. Nduna, akulu a Boma, madokotala, maloya ndi akulu a makampani analowamo, nalowanso m'makalabu, natumiza ana ao ku sukulu zimene kale zinali za Azungu. Dr Kamuzu Banda mwini wace anali citsanzo ca muyeso umenewu. Anali kuoneka nthawi zonse atabvala suti yakuda ndi cipewa, ndipo pa misonkhano anali kulankhula Cingerezi, wina namasulira, ngakhale kuti ndiye amene anakweza Cicewa kukhala cinenero ca dziko mu 1968. Lamulo la kabvalidwe la 1973, loletsa akazi kubvala mathalauzi ndi madiresi aafupi, linakhalapo kufikira 1993.

M'caka ca 1981 anatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama m'boma la Kasungu, sukulu imene anthu anaicha Eton ya mu Africa. Aphunzitsi ace oyamba anali Azungu, makamaka ocokera ku Britain, ndipo ana onse anali kuphunzira Cilatini ndi Cigiriki. Koma panali cinthu cimodzi cosiyana ndi Eton: ana anali kusankhidwa m'maboma onse cifukwa ca kukhoza mayeso, ndipo sanali kulipira. Mwana wa mlimi wa ku Nsanje anali kutha kulowamo. Ulamuliro utasintha mu 1994 thandizo lakale linatha, sukulu inayamba kudalira malipiro, ndipo ambiri a ana ace anakhala a makolo okhoza kulipira. M'caka comweco Boma linacotsa malipiro m'sukulu za pulaimale. Ana anadzala m'makalasi kuposa aphunzitsi ndi mabuku, ndipo makolo opeza bwino anaculukitsa kutumiza ana ao ku sukulu zolipira. Motero njira ziwiri zinayamba kutalikirana, ya ambiri ndi ya owerengeka.

Zizindikiro zace lero

Cizindikiro coyamba ndi malo okhala. Ku Blantyre maina a Namiwawa, Sunnyside, Nyambadwe ndi Mount Pleasant, ndi ku Lilongwe Area 10, Area 12 ndi Area 43, anena zambiri za munthu iye asanatsegule pakamwa kaciwiri. Nyumbazo zizingidwa ndi mpanda wa njerwa, pa cipata pakhala mlonda, ndipo mwana akula osasewera pa mseu ndi ana a anansi. Cifukwa cace funso lakuti "mukhala kuti?" mu mzinda ligwira nchito ya funso la kumudzi lakuti "ndinu a kwa yani?"

Caciwiri, ndiponso cacikulu, ndi sukulu. Ana a St Andrew's, a Bishop Mackenzie ku Lilongwe ndi a Kamuzu Academy alemba mayeso ocokera ku maiko akunja, amene awatsegulira njira ya ku mayunivesite a ku South Africa, Britain ndi America. M'zina mwa sukulu zotere malipiro a teremu imodzi aposa zimene mphunzitsi wa pulaimale alandira caka cathunthu. Kholo lolipira zimenezi siligula maphunziro okha. Ligulanso anzace a mwanayo.

Cacitatu ndi kalankhulidwe. M'nyumba zambiri za ku mayadi Cingerezi ndico cinenero ca pa tebulo, ndipo Cicewa citsalira polankhula ndi anchito ndi ogulitsa malonda. Ana ena akula osatha kuceza ndi agogo ao. Cingerezi cao sicisiyana ndi ca anzao pa galamala pokha, koma pa kamvekedwe ka mau ndi pa kusaopa: alankhula ndi wamkulu momuyang'ana m'maso, nafunsa mafunso, pamene mwana wa kumudzi anaphunzitsidwa kuti ulemu ndi kuzyolika ndi kukhala cete. Pofunsidwa mafunso a nchito, ulemu wa kumudzi umenewu kawirikawiri uyesedwa kusadziwa.

Cacinai ndi masewera ndi mapumulo. Mwana wa kwa Tengani aphunzira kusambira mu mtsinje cifukwa moyo wa m'cigwa ufuna zimenezo. Wa ku mayadi aphunzira m'dziwe lomangidwa, pa ola lace, ndi mphunzitsi wace. Tenisi, gofu ndi hoke, ndiponso kukapuma ku nyanja ku Mangochi kapena pa phiri la Zomba, ndi zinthu zimene zisonkhanitsa mabanja amenewa pa okha. Zobvala zinaleka kukhala cizindikiro codalirika, pakuti kaunjika anafikitsa malaya a maina ochuka pa msika uli wonse. Monga ku America, wolemera kumene ndiye adzionetsa ndi zonyezimira, pamene wobadwira m'cuma abvala zosaoneka.

Cacisanu ndi ubwenzi ndi ukwati. Anthu amene anaphunzira pamodzi auzana za nchito, abwerekana ndalama, aimirana pa ukwati, ndipo kawirikawiri akwatirana. Ana ao abwerera ku sukulu zomwezo. Apa ndi pamene gulu la anthu opeza bwino lisanduka mtundu wodzisunga wokha.

Komabe apamwamba a m'Malawi asiyana ndi a ku Boston pa cinthu cimodzi cacikulu. Gulu lao ndi la dzulodzulo, la mibadwo iwiri kapena itatu, ndipo ambiri a iwo akali ndi mudzi. Bwana wa ku Namiwawa akafika pa maliro kwao akhala pansi pa nyakwawa amene mwina sanapite patali ndi sukulu, ndipo abale amuyesa ndi muyeso wakale uja wa mfulu: kodi analipirira sukulu ana a mlongo wace? Miyeso iwiriyi ikali kukumana, ndipo wa mu mzinda sunagonjetse wa kumudzi.

Nchito ya mphunzitsi

Mwana wa kwa Tengani ayamba ulendo umenewu ali ndi katundu wolemera. Kunyumba alankhula Cisena kapena Cimang'anja. M'buku apeza Cicewa ca ku cigawo ca pakati. Mayeso a Sitandade 8, amene aweruza za sekondale, afuna Cingerezi, ndipo Lamulo la Maphunziro la 2013 linaika Cingerezi kukhala cinenero cophunzitsira. Madzi osefukira a mu 2015, 2022 ndi 2023 anasandutsa sukulu zambiri za m'cigwa misasa ya anthu othawa, maphunziro naima. Ndipo akafika mu mzinda, ena amuseka cifukwa ca kamvekedwe ka Cisena m'mau ace, kotero kuti alipo anthu a kumunsi amene abisa kumene anacokera.

Pa zinthu zotere mphunzitsi akhoza kulakwa m'njira ziwiri. Njira yoyamba ndi kulambira muyeso wa mu mzinda: kulanga mwana cifukwa walankhula cinenero ca mai wace, kuseka kachulidwe kace pamaso pa anzace, kapena kukondera wobvala nsapato. Mwana wophunzitsidwa motero aphunzira manyazi asanaphunzire Cingerezi, ndipo wamanyazi satsegula pakamwa, tsono Cingerezi comweco sacidziwa. Akulu anati mako ndi mako, usamuone kucepa mwendo. Njira yaciwiri ndi kunyoza zonse za mu mzinda, ndi kunena kuti Cingerezi cabwino ndi ca ana a mabwana, ana a asodzi sicowayenera. Mphunzitsi wotere aoneka ngati wokonda kwao, koma atsekera ana ace khomo limene anzao a ku mayadi alowa osagogoda.

Njira yoongoka ndi kulekanitsa cimene ciri nzeru ndi cimene ciri cokometsera cabe. Kuwerenga mosadodoma, kulemba kalata yomveka, kuwerengera, ndi kuima pamaso pa anthu ndi kunena maganizo mwadongosolo, izi ndi nzeru, ndipo mwana ali yense ayenera kuzilandira, ngakhale sukulu iri pansi pa mtengo. Kamvekedwe ka mau ka ku London, dzina la pa malaya ndi kudziwa gofu ndi zokometsera. Ziribe kanthu pa ubwino wa munthu kapena pa kukhwima kwa mutu wace. Ana auzidwe poyera kuti makhalidwe a ku mayadi ndi mwambo wa gulu lina la anthu, monga umo Asena ali ndi mwambo wao ndi Amang'anja wao, ndipo kuti mwambo uphunzirika.

M'mera mpoyamba, ndipo zocita zace si zofuna ndalama. Ana alankhule Cingerezi tsiku ndi tsiku m'ziganizo zathunthu, osangobwereza pamodzi mau a mphunzitsi, ndipo pamene sanamve awamasulire m'cinenero cimene acidziwa. Azolowere kufunsa mafunso ndi kutsutsana mwaulemu, anyamata ndi atsikana omwe, ndipo aphunzire kuti kugwada pamaso pa agogo ndi kuyang'ana wolemba nchito m'maso zonse ziwiri ndi ulemu, ciri conse pa malo pace. Pa phunziro la cinenero atumidwe kukafunsa akulu a kwao mau onse onena za ulemu ndi udindo, m'Cisena ndi m'Cimang'anja, nawayerekeze ndi mau obwereka monga "bwana" ndi "dona", kuti aone okha kuti miyeso ya ulemu isintha ndi nthawi. Adziwenso kuti buku lalikulu lomasulira mau limene David Clement Scott anasindikiza mu 1892, iye amene anamanga chalichi ca St Michael and All Angels ku Blantyre, linali la Cimang'anja, ndipo kuti cinenero cimene ena aciyesa ca kumudzi ndico cinali m'mabuku oyamba a mzindawo.

Mphunzitsi sangathe kugwetsa mipanda ya ku Namiwawa, kapena kutsitsa malipiro a sukulu za olemera. Cimene angathe ndi kuturutsa mwana wodziwa miyeso yonse iwiri, amene akafika mu mzinda sadzanjenjemera pamaso pa jekete ndi Cingerezi, ndipo akabwerera kwa Tengani sadzanyoza nyakwawa ndi dimba la amace. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Koma kuti akakhale bwino m'dziwe laciwiri, ayenera kucoka m'loyamba ali wamphamvu ndi wopanda manyazi.